CV yopirira fotokope

Loweruka lina madzulo ndinali pakhonde kwathu ku Area 25, kudikira kuti magetsi ayake, pamene foni inalira. Anali mwana wa mlongo wanga, amene akumaliza maphunziro a zaulimi ku Bunda. Anali atanditumizira CV yake pa WhatsApp, pansi pake n'kulembapo kuti, "Amalume, taionani. Anzanga onse akuti yafikapo."

Inafikapodi. Kumanzere kunali chimzere chobiriwira, chachikulu ngati lamba wa mpikisano wa chiphadzuwa, kutsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, m'kati mwake muli zilembo zoyera. Pamwamba panali chithunzi chake chodulidwa mozungulira ngati khobidi, iye akumwetulira. Luso lake analionetsa ndi timipiringidzo: ka Chichewa kodzaziratu, ka Chingerezi kotsala pang'ono, ka Excel kopitirira theka. Pagalasi la foni zonsezi zinkawala ngati chikwangwani cha kampani ya mafoni. Ndinamuyankha kuti tikumane Lolemba m'tauni, ndipo asaiwale ndalama ya fotokope.

Ine ndine mwinimbumba, choncho zotere zimagwera ine. Komanso pachibale pathu ndine ndekha amene ndakalambira m'maofesi. Ndinayamba ngati kalaliki wotaipa makalata pa makina aja olira kuti tha tha tha, makompyuta asanafale, ndipo mpaka lero, pa ofesi ina ku City Centre, makalata a anthu ofuna ntchito amadutsa m'manja mwanga asanafike kwa mabwana. Wosankha si ine ayi. Yanga ndi kutsegula maenvelopu, kupulinta zobwera pa imelo, kuzisanja, n'kupita nazo ku makina a fotokope. Koma chifukwa cha ntchito yonyozekayi ndimadziwa ulendo umene CV imayenda ikachoka m'manja mwa mwiniwake, ulendo umene mwiniwakeyo sauona.

Lolemba tinalowa m'kashopu kena ka mapepala chapafupi ndi msewu wa Malangalanga. Ndinauza mnyamata wa pamenepo kuti apulinte CV ija ndi inki yakuda yokha. Itatuluka ndinati aichite fotokope. Fotokopeyo itatuluka ndinati aichitenso fotokope. Mnyamatayo anandiyang'ana ngati munthu amene ndalama zikumuyabwa, koma anachita.

Pepala lachitatulo ndinalipereka kwa mwini wake. Chimzere chobiriwira chija chinali chitasanduka khala lamakala, ndipo nambala ya foni ndi imelo, zimene anazilemba moyera m'kati mwake, zinali zitamira. Zaka zimene anaphunzira sukulu iliyonse anazilemba ndi utoto wotuwa, wa phulusa. Zimenezo zinazimiririka osasiya ndi fungo lomwe. Pachithunzi panatsala mthunzi ndi mano. Timipiringidzo tonse tinadetsedwa mofanana, moti Excel ndi Chichewa ankazidziwa chimodzimodzi. Mwanayo anakhala chete kwa kanthawi. Mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu unandifika pakamwa, koma ndinaumeza, chifukwa m'kati mwa CV imeneyi munalibe nyerere. Munali mwana wakhama amene anangotengera chikombole chimene anachipeza pa intaneti, chopangidwa ndi anthu oganiza kuti aliyense adzawerengera pa kompyuta yowala bwino.

Kuno sizitero. Ntchito ikalengezedwa mu The Nation kapena The Daily Times, makalata amabwera mulu wofika m'chigongono. Osankha amakhala anayi kapena asanu, ndipo aliyense amafuna pepala lakelake loti azilembapo ndi cholembera. Palibe ofesi imene ndikuidziwa imene ingaononge inki ya mitundu pa zimenezi. Ikakhala kuti inki ya makina yatsala pang'ono, timatulutsa katiriji n'kuigwedeza ngati botolo la thobwa kuti ilavule kotsalako, ndiye muganize mmene mapepala omaliza amatulukira. Kenako munthu amene wangodya nsima ya masana, kunja kukutentha, amatenga mulu uja n'kuyamba kutembenuza. Munthu ameneyu ndi amene ndinauza mwana wa mlongo wanga kuti timulembere. Aphunzitsi ake, anzake a ku hositelo ndi anthu a pa Facebook tiwaiwale kaye.

Madzulo ake tinakhala patebulo ndi laputopu yanga yakale, n'kutsegula tsamba loyera mu Word.

Choyamba chinali pepala lenilenilo. CV yake ija inatuluka ndi mpata wodabwitsa pansi, chifukwa chikombolecho chinali cha muyeso wa ku America wotchedwa Letter, umene ndi mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali. Mapepala amene timagula kuno ndi A4, mamilimita 210 ndi 297. Kusiyana kwake n'kochepa, koma n'kokwanira kuti makina achepetse zilembo zonse pofuna kuzikwanitsa, kapena adule mawu a kumapeto kwa mzere. Tinasankha A4 tisanalembe chilembo n'chimodzi chomwe. M'mbali monse tinasiya mpata wa masentimita 2.5. Iye ankafuna kupanikiza mpatawo kuti mawu ambiri alowe, koma ndinamukumbutsa kuti kumanzere kwa pepalalo kudzabooledwa mabowo awiri kuti lilowe m'fayilo. Ndaonapo mabowo atadya chilembo choyamba cha dzina la munthu, ndipo woboolayo ndinali ine.

Pa mtundu wa zilembo tinakhalitsapo, ndipo apa ndivomereze kuti ndinagonja.

Ine ndinakulira pa Times New Roman. Kwa ine kalata ya ofesi imaoneka choncho basi, ndi timiyendo take tija kumapeto kwa chilembo chilichonse. Zilembozi zinapangidwira nyuzipepala ya The Times ya ku London, ndipo zinayamba kuoneka m'nyuzipepalayo mu 1932. N'chifukwa chake n'zopanikizana, kuti mawu ambiri akwane m'mizati yopapatiza ya nyuzi. Kwa zaka zambiri Word ukangoitsegula inkayambira pa zilembo zimenezi, mpaka mu 2007 pamene Microsoft inaika Calibri m'malo mwake, ndipo mu 2023 inalengezanso zina zotchedwa Aptos. Ndiye mulu wa ma CV ukabwera ndimatha kulosera msinkhu wa munthu, kapena msinkhu wa kompyuta imene anabwereka, pongoona zilembo. Mwanayo anakana Times New Roman kwamtuwagalu. Anati ikumukumbutsa ma asainimenti, ndipo zaka zinayi zakwana.

Tinayesa Georgia, imene Matthew Carter anaipangira Microsoft kuti iziwerengeka bwino pagalasi la kompyuta. Mawu ankaoneka bwino kwambiri, onenepa mokwanira. Koma titalemba nambala ya foni tinaona manambala akuvina: ena ataliatali, ena afupi, ena akulendewera kunsi kwa mzere. Umu ndi mmene Georgia imalembera manambala, ndipo m'buku la nthano zimakoma. Mu CV, mmene muli zaka pamzere uliwonse ndi nambala ya foni yoti munthu aiwerenge chala chili pafoni, sizithandiza. Calibri tinaisiya pa chifukwa china. Mwanayo amakonda kukonza zolemba zake pafoni, ndipo foni kapena kompyuta imene ilibe mtundu wa zilembo umene unasankha imangoikapo wina mwakachetechete. Ukatsegula kwina umapeza mizere yasuntha, tsamba limodzi labereka lachiwiri.

Mapeto ake tinabwereranso kwa mnyamata wa fotokope uja ndi ndime imodzi yolembedwa m'mitundu itatu. Pa fotokope yachiwiri, timizere topyapyala ta Times New Roman tinayamba kuduka, makamaka pa e ndi pa a. Arial inatuluka yathunthu, chifukwa mizere ya zilembo zake ndi yonenepa pafupifupi mofanana paliponse. Arial si yokongola, ndinene poyera. Kampani ya Monotype inaitulutsa mu 1982, ndipo okonda zilembo amainyoza kuti inangotsanzira Helvetica ya ku Switzerland. Koma ili pafupifupi pa kompyuta iliyonse m'Lilongwe muno, ndipo imapirira. Ili ngati nsapato ya pulasitiki: kuukwati sungavale, koma nthawi ya dzinja ku Mtandire ndi imene imakufikitsa. Tinatenga Arial, mtundu umodzi wokha pepala lonse.

Ili ndi chilema chimodzi chimene tinachipeza pa imelo yake. Mu Arial, I wamkulu ndi l wamng'ono ndi mapasa, kamtengo kowongoka basi. Imelo yake inali ndi zonse ziwiri, kuphatikizapo dzina lachibwana limene anadzipatsa ali Fomu 3, limene sindingalilembe pano chifukwa angandikwiyire. Usiku womwewo anatsegula ina, ya dzina lake lenileni, ndipo tinailemba yonse ndi zilembo zazing'ono.

Kukula kwa zilembo kumayezedwa ndi mapoyinti, ndipo 72 ndi amene amapanga inchi imodzi. Mawu wamba tinawaika pa 10.5, chifukwa Arial ndi yotambalala. Pa 12 imaoneka ngati buku la Sitandade 2. Timitu tinatiika pa 12 monenepetsa, dzina lake pa 20. Milingo itatu basi. Amene amapita pa 9 kuti zonse zikwane aiwala kuti ambiri mwa osankha ndi a msinkhu wanga, magalasi ali pamphuno.

Dzina lakelo lili ndi nkhani yake. Dzina la bambo ake lili ndi ng', kachizindikiro kaja kolekanitsa ng'ombe ndi ngoma. Word imalidula mzere wofiira kunsi ngati lalakwika, ndipo mafomu ena a pa intaneti amakakana kachizindikiroko kapena kukasandutsa zinyalala. Mwanayo anali atazolowera kungokasiya. Ndinamuuza kuti atulutse chiphaso chake cha unzika ndi satifiketi ya MSCE, tione mmene dzinalo linalembedwera, ndipo pa CV tilembe chimodzimodzi, chilembo ndi chilembo. Tsiku limene adzafananitse mapepala, palibe amene adzafune kumva kuti kompyuta ndi imene inakana. Chimodzimodzi ndi ŵ wa kadenga uja, amene ena amamulemba m'mawu oti Malaŵi. Zilembo zokongoletsa zambiri za pa intaneti zilibe chilembo chimenechi, moti pamalo pake pamatuluka kabokosi, kapena ŵ wobwereka ku mtundu wina, wooneka ngati dzino lagolide. Arial ndi Times New Roman zili naye. Chodabwitsa n'chakuti mwayi umenewu tikugawana ndi anthu a ku Wales, amene chinenero chawo chimagwiritsanso ntchito chilembo chomwechi.

Pamwamba pa tsamba ankafuna kulembapo CURRICULUM VITAE ndi zilembo zazikulu, mzere kunsi kwake, monga amachitira aliyense. Apa ndinadziona ndekha zaka zapitazo. Pa taipi panalibe zilembo zonenepa, panalibe zopendekeka, panalibe zokulirapo. Ukafuna kuti mawu aoneke unali ndi njira ziwiri zokha: zilembo zazikulu, kapena kubweza makina n'kumenya mzere kunsi. Ife tinaphunzitsa ana athu choncho, iwonso aphunzitsa anzawo, ndipo lero mwana wobadwa makina otaipira atatayidwa kale akulembabe ngati ali pa taipi. Ena amachita zonse pamodzi: zazikulu, zonenepa, zopendekeka, mzere kunsi, ngati munthu wovala jekete ziwiri ndi juzi mwezi wa October. Mzere wa kunsi umadula michira ya g, y, j ndi p, ndipo pa fotokope michirayo imamatirira kumzereko. Tinauchotsa paliponse. Mawu a Chilatini ajanso, amene amatanthauza ulendo wa moyo wa munthu, tinawachotsa. Amene wanyamula pepalalo akudziwa kale kuti ndi CV. Chimene sakudziwa n'chakuti ndi ya yani. Pamwamba tinaikapo dzina lake, kunsi kwake mzere umodzi wa foni, imelo ndi mawu oti Lilongwe, zonse zakuda papepala loyera.

Zaka tinaziika kumanja, zonse kuthera pamalo amodzi, kuti diso lizitsika nazo ngati makwerero. Iye ankazikankhira kumeneko pomenya batani lalitali lija la mpata kambirimbiri, n'kumayeza ndi maso. Ndinamuonetsa kuika Tab ya kumanja pa rula ya pamwamba. Anadabwa kuti m'dala ngati ine ndikudziwa zimenezi. Tab inalipo kale pa taipi, mwanawe, ndi mmene tinkasanjira manambala a malipiro. Dzina la sukulu yake linatisautsa pang'ono: kuyambira pamene lamulo la 2011 linachotsa Bunda pansi pa University of Malawi, dzina lake lonse ndi Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, ndipo limadya mzere wathunthu. Tinalilemba lonse kamodzi, kwina konse LUANAR.

Kenako anati, "Koma amalume, ine sindinagwirepo ntchito. Pamenepa ndilembapo chiyani?" N'chifukwa chake anadzaza theka la tsamba ndi timipiringidzo, ndi mawu oti ndi wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu, wodziwa kukhala ndi anthu. Mawu amenewa ali pa CV iliyonse m'mulu uja, ndipo maso a owerenga amangowadumpha ngati chithaphwi. Ndinamufunsa zimene ankachita pa atachimenti yake kwa alangizi a zaulimi cha ku Mitundu. Anayamba kufotokoza: ankayendera makalabu a alimi pa njinga, anawaonetsa kapangidwe ka manyowa, anayeza zokolola pa minda yachitsanzo n'kuzilowetsa mu Excel. Patchuthi china anachita ganyu yofunsa mafunso m'midzi, mayankho akuwalemba pa tabuleti ndi pulogalamu ya KoboCollect. Kumpingo anasungapo thumba la achinyamata zaka ziwiri osasowetsa tambala. Zonsezi anazisiya kunja poganiza kuti si ntchito, n'kuikamo kampiringidzo konena kuti Excel amaidziwa kupitirira theka. Theka la chiyani? Tinachotsa timipiringidzo tonse, n'kulemba zimene anachitazo, chilichonse mzere umodzi kapena iwiri, mneni ali patsogolo.

Maphunziro tinayambira pa digiri, kubwerera m'mbuyo. MSCE tinaipatsa mzere umodzi, chaka ndi mapoyinti ake, chifukwa anakhoza bwino ndipo aliyense m'dziko muno amadziwa kuti pa MSCE mapoyinti akachepa ndiye kuti munthu anaswa, 6 ndiye pamapeto penipeni. Za ku pulayimale tinazifufuta. Amayi ake atamva zimenezi anadandaula, poti sukuluyo anailipirira ndi mandasi, koma mkangano weniweni unali kutsogolo.

Lamulungu achemwali anabwera kuchokera ku Kawale atavala zakutchalitchi. Anatenga pepalalo, n'kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anandiyang'ana ine.

"Achimwene, mwanayu mwamufufuta. Kwawo kuli pati apa? Mfumu yake ndani? Munthu amangogwa kuchokera kumwamba?"

Ankanena za ndime ija imene ili pafupifupi pa CV iliyonse ya Mmalawi, pamwamba penipeni, malo abwino kuposa onse: tsiku lobadwa, mwamuna kapena mkazi, ali pabanja kapena ayi, mpingo, mtundu, mudzi, mfumu yaikulu, boma. Ndimaganiza kuti tinatengera mafomu a boma, monga a pasipoti ndi a chiphaso cha unzika, amene amafunsadi mudzi ndi mfumu. Ife sitinaiikemo n'komwe. Ndinayesa kufotokoza za malo, kuti ndime imeneyi imadya gawo la tsamba limene diso limayambirapo, ndiye munthu amawerenga mizere isanu ndi itatu asanadziwe kuti mwanayu ali ndi digiri. Achemwali sanamve zimenezo. Anati pamaliro timafunsa kwawo kwa munthu, paukwati timafunsa kwawo, nanga pantchito, pamene adzasunge katundu wa eni, asadziwike kwawo? Munthu wobisa mudzi wake ndiye kuti anathawako ndi mlandu.

Mawu amenewa sindingawapeputse. Kwathu munthu amadziwika ndi anthu ake, ndipo pepala longonena dzina ndi luso, lopanda mudzi, limaonekadi ngati la munthu wongotola. Inenso CV yanga yoyamba ndinaitaipa ndekha, ndipo mudzi ndi mfumu ndinazilemba monyadira. Koma kenako achemwali anatsitsa mawu, n'kufika pamene ankafuna kufika.

"Nanga bwanayo akakhala wakwathu?"

"Nanga akakhala kuti si wakwathu, achemwali?"

Tinakhala chete tonse, mwana ali pakati pathu akuyang'ana pansi. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kusala munthu polemba ntchito chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, chinenero, kukhala mwamuna kapena mkazi, kapena kukhala pabanja, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 1994 amanenanso chimodzimodzi. Lamulo lilipo. Koma ine ndakhalapo m'chipinda muja ndikugawa mapepala ndi madzi, ndipo ndaonapo chala chikutsika pa CV n'kuima pa mzere wa boma lochokera. Mwini chalayo sananene kanthu, ndipo mwina m'mutu mwake munalibe choipa chilichonse. Chinangoima, n'kupitirira. Ndaonaponso CV ya mtsikana yolembedwa kuti wangokwatiwa kumene, wina n'kuseka kuti chaka chamawa tidzafunanso wina wogwirizira. Anaseka onse, nanenso ndinaseka, ndipo sindinyadira. Dzina la munthu m'Malawi muno limaulula kale zambiri, ndipo limenelo sitingalibise. Koma sindikuona chifukwa choonjezera nkhuni pamoto umene sukudziwa kuti uphikira ndani.

Chithunzi chinapita pa chifukwa chomwecho, kuonjezera pa zija za mthunzi ndi mano. Ndinamuuza mwanayo kuti chilengezo cha ntchito chikafunsa zaka zakubadwa kapena chithunzi, apereke, chifukwa kusamvera chilengezo ndi njira yachidule yopitira m'bini. Chikapanda kufunsa, asayambe yekha. Chimene sitinachotse ndi zinenero, Chichewa ndi Chingerezi, chifukwa mlangizi amene sangalankhule ndi mlimi ndi wa chiyani. Tinalembanso kuti amatha kuyendetsa njinga yamoto, zimene kwa wofuna ntchito ya kumunda n'zolemera kuposa dzina la mfumu yake. Achemwali sanavomereze. Anangoti, "Mwana ndi wanu, achimwene, inu ndi amene mumadziwa za m'maofesi," ndipo amene anakulira ndi alongo akudziwa kuti mawu amenewa si kugonja.

Kutalika kwake sikunatitengere nthawi. Malangizo a pa intaneti amati wophunzira asapyole tsamba limodzi, koma zilengezo za kuno zimafuna anthu atatu okuchitira umboni, opezeka mosavuta, ndi manambala awo. Zimenezo pamodzi ndi kafukufuku wake wa chaka chomaliza zinapita patsamba lachiwiri. Pansi pa tsamba lililonse tinaikapo dzina lake ndi nambala ya tsamba, mwa zilembo zazing'ono, chifukwa pochita fotokope timazula mapini, ndipo tsamba lachiwiri lopanda dzina limasanduka mwana wamasiye. Ndili ndi kabati ya amasiye otere. Ndinamuumirizanso kuti aimbire foni anthu atatuwo asanawalembe, poti ndinaimbirapo mphunzitsi wina amene anandiyankha kuti, "Ameneyo ndiye ndani?"

Chotsala chinali kusunga. Ndinamuuza kuti asadzatumizenso CV ili mu Word. PDF, imene kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1993, imanyamula zilembo zake m'kati, moti mmene waionera iwe ndi mmene idzatulukire pa pulinta yanga. Koma ikhale PDF yochokera mu Word momwemo, osati kujambula pepala ndi foni pamphasa, chala chachikulu chikuoneka pakona, monga amachitira ena. Mabungwe akuluakulu ena amalandira makalata kudzera pa intaneti, ndipo kompyuta ndi imene imayamba kuwerenga mawuwo. Chithunzi cha pepala kapena mizati iwiri yolukanalukana imaisokoneza monga imasokonezera maso a munthu. Fayiloyo tinaitcha dzina lake ndi mawu oti CV. Poyamba inali ndi dzina lakuti "yomaliza yeniyeni 3".

Lachiwiri tinapitanso kwa mnyamata wa fotokope, amene tsopano anali atatizolowera. Tisananene kanthu anachita yekha fotokope ya fotokope, n'kutipatsa akumwetulira. Nambala ya foni inawerengeka yonse. Zaka zinali pamalo pake. Mwanayo anati ikuoneka ngati kalata ya kuchipatala, ndipo sindinatsutse. Anagula maenvelopu akhaki akuluakulu, oti A4 ilowe osapinda, n'kukwera minibasi ya ku Kanengo ndi atatu mwa iwo. Ena awiri ndinamutengera ine m'chikwama, oti ndikasiye ku Capital Hill popita kuntchito.

Mpaka pano foni yake sinalire. Ndimamufunsa Lachisanu lililonse, ndipo amati, "Sanayimbe, amalume," kenako timakamba za mtengo wa feteleza.

Sabata yatha ndinapita ku Kawale kukaona achemwali. Pabalaza, m'kabati yagalasi mmene amasungiramo makapu a alendo, ndinaona chinthu chobiriwira chitatsamira kuseri kwa tiipoti. Anatuma mwana wa aneba kukaipulinta ndi inki ya mitundu, n'kuimata pulasitiki kuti isanyowe. Inali CV yoyamba ija, ndi chimzere chake, ndi timipiringidzo take, ndi chithunzi chozungulira ngati khobidi. Pansi pa dzina, pamalo oyera amene anatsala, achemwali anali atalembapo ndi cholembera chabuluu, asanaimate, dzina la mudzi wathu ndi la mfumu.